Mbale, M'bale

Anthu ankawatchula a Tanthauzo, ndipo iwo sankakana. Dzinali analipeza ku wayilesi yaing'ono ya m'dera lawo, kumene Lamlungu lililonse masana, chipumireni pa ntchito yauphunzitsi, ankakhala m'kachipinda kokhomedwa makatoni a mazira n'kumafotokozera anthu zimene oimba amatanthauza. Nyimbo ikanena za mvula, iwo ankapezamo ndale. Ikanena za nsapato yothina, ankapezamo banja. Tsiku lina anamasulira nyimbo ya njinga yoduka tcheni kuti ikunena za chuma cha dziko, woimbayo n'kuimba foni pompo, kunena mwaulemu kuti ayi bambo, inali njinga ndithu, mpaka pano ili kuseri kwa nyumba. A Tanthauzo anamuthokoza, n'kuuza omvera kuti izi n'zimene akhala akunena nthawi zonse: woimba ndiye amakhala womaliza kudziwa za nyimbo yake.

Akazi awo atamwalira, pulogalamuyo sanaisiye. Ankati omvera asalangidwe chifukwa cha chisoni cha munthu mmodzi. Omverawo akanapirira, kungoti palibe anawafunsa. Kunyumba ndiye kunali kwina. Nyumba ija ankaidandaula kuti ndi yaphokoso inangoti zii, moti ankamva firiji ikamapuma. Anaphunzira kumene kumakhala machesi. Anaphunzira kuti malaya sadzisita okha. Ndipo masana ena, akakhala pabalaza, ankamva ziwiya zikugundana pang'ono kukhitchini, monga zimachitira munthu akamazisanja, iwo n'kudziuza kuti ndi lole yadutsa mumsewu.

Loweruka lina m'mawa mwana wawo wamkazi, namwino, anafika akuchokera kuntchito, maso ali psuu ndi tulo. Mpando sanaufune. Anangoika foni patebulo, pamwamba pa nyuzipepala.

"Ababa, ndakupezerani ntchito, musamangocheza ndi firiji."

"Ine ntchito ndili nayo."

"Ya Lamlungu. Iyi ndi ya masiku enawo. Mverani."

Mufonimo munali kanema wakale pang'ono, wa mwana wake woyamba akuphunzira kukwawa m'khitchini mwa agogo ake. Kamwanako kankalimbana ndi chivundikiro cha poto. Kumbuyo kwake kunkaoneka miyendo iwiri, masilipasi obiriwira ndi mpendero wa diresi, zitaima pasinki. Nkhope sinkaoneka. Mpopi unkathira madzi mwamphamvu, ndipo pansi pa phokosolo munthu ankaimba motsitsa, ngati akunong'oneza sopo:

Ndasesa pakhomo, fumbi labwerera,
ndachapa, ndayanika, mitambo yaseka,
ndayala patebulo, aliyense pamalo pake,
koma ine ndikusowa mmm... bale.

A Tanthauzo anawazindikira masilipasiwo. Anali adakali kuseri kwa chitseko cha kubafa. Anatsokomola, n'kuvala magalasi, ngati magalasi amathandiza kumva.

"Nyimbo ya ndani imeneyi?"

"Ya amayi."

"Kuti akuimba ndi amayi ako ndikudziwa. Ndikufunsa wopeka."

"Ndi iwo omwe."

"Amayi ako sankapeka nyimbo."

"Chabwino, inkawagwera kuchokera kudenga." Namwino anayasamula. "Amuna anga ali ndi mnzawo wa situdiyo. Pali mtsikana wina wa kwaya, mawu ake amapita ngati a amayi. Ndikufuna aiimbe bwinobwino, yopanda mpopi, ana adzaimve akakula. Inu mungotilembera mawuwo papepala. Loweruka likudzali."

"Mizere inayi yokha?"

"Pa wayilesi mzere umodzi mumautafuna mpaka pulogalamu itha. Inayi ikukwanirani."

Anawatumizira kanemayo pa foni yawo, n'kuwaonetsa kawiri pobwezera, n'kupita kukagona kwawo.

A Tanthauzo anaigwira ntchitoyo monga ankagwirira nyimbo za anthu otchuka. Anatulutsa cholembera chabwino chija, cha pamwambo wotsazikana nawo kusukulu. Mzere woyamba anaulemba, m'mphepete n'kuikamo ndemanga yakuti fumbi likuimira nthawi. Wachiwiri anaulemba, n'kuvomereza mumtima kuti mitambo yoseka zovala si ntchito ya munthu wamba, ndipo n'kutheka kuti malemu anatolako kena pokhala ndi iwo. Wachitatu unalowa wokha. Pa wachinayi cholembera chinaima.

Mbale ndi chiwiya. M'bale ndi munthu. Papepala zimasiyana ndi kachizindikiro kamodzi, kampatuliro kokwera m'mwamba kaja a Tanthauzo ankakatchula dzina lake lenileni, nkhodolero, ndipo ana asukulu ambiri anaona inki yofiira chifukwa cha iko. Pakamwa zimasiyana ndi kampweya: wonena m'bale amatseka milomo pang'ono, kenaka n'kupitiriza. Koma woimba amakoka mawu pamene wafuna. Malemu anakoka pa m pomwepo. Akanangowonjezera yanga kapena wanga, mlandu ukanatha. Sanawonjezere.

Anabwezera kanemayo. Anabwezeranso. Anaika foni m'kapu yopanda madzi kuti mawu akule, mpopi ndiwo unakula.

Ngati inali mbale, ndiye nthabwala ya mayi wa pakhomo: ziwiya zimasweka, aneba amabwereka osabweza. Nyimbo yabwino, yoseketsa, yoyenera zidzukulu. Koma ngati anali m'bale, ndiye kuti munthu anaima pasinki ya m'nyumba mwawo, mwamuna ali moyo, ali bwino, akumveka pa wayilesi, n'kumauza mpopi kuti alibe wake. Izi a Tanthauzo anafuna kuzidziwa kuposa mmene anafunirapo kudziwa chinthu china chilichonse, ndipo kwa nthawi yoyamba analakalaka woimba ataimba foni.

Namwino atafunsa pakati pa sabata, anamuyankha kuti ntchito ikuyenda bwino, kwangotsala zing'onozing'ono za kalembedwe zimene iye sangazimvetse.

Lachinayi anavala jekete n'kupita kwa alamu awo, akulu ake a malemu, amene ankasoka zovala m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Anawapeza atagwada patsogolo pa chidole chopanda mutu, mapini ali kukamwa.

"Alamu, mwasochera? Kuno kulibe maikolofoni."

"Ndabwera ndi kafukufuku."

"Khalani pa nsaluzo, koma osati zoyerazo. Kafukufuku amadetsa."

Anawayatsira kanemayo. Telala anamvera atagwada chomwecho. Itafika pa mzere wachinayi anachotsa mapini kukamwa, limodzilimodzi, n'kuwabaya pachifuwa cha chidole.

"Zimitsani."

"Mukuidziwa?"

"Mng'ono wanga ankaimba chibadwire. Iyi sindinaimvepo."

"Funso langa ndi la mawu omalizawo. Akuti mbale kapena m'bale? Chifukwa ngati akuti m'bale, tanthauzo lake, mukaona mmene mizere yatsatirana, likuloza kwa mwini nyumba, amene ndi..."

"Inu."

"Mwatsoka, inde."

Telala anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi.

"Alamu, inu ngakhale mlandu mumafuna ukhale wanu. Kodi inu munali m'bale wake? Inu munali mwamuna wake. M'bale wake ndine. Tinayamwa bere limodzi. Musandilande."

A Tanthauzo anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti mu ndakatulo mawu amatambasuka, koma telala anali asanamalize.

"Kamwanako kakukwawa, eti? Ndiye ndi nthawi ija sitinkayankhulana. Makina osokera a mayi athu, awo ali apowo. Iye ankati anamulonjeza iye, ine ndinkati ine. Iye wosadziwa n'kulowetsa ulusi komwe. Tinkakumana pa siteji ya basi, aliyense n'kuyang'ana nsapato zake. Inu munadziwa?"

"Ndinaona kuti munasiya kubwera. Ndinkaganiza kuti ntchito yakuchulukirani."

"Inachulukadi." Telala anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "Tinadzagwirizana atayamba kudwala. Kugwirizana kwa pachipatala, kopatsana malalanje. Ndiye inu mwakwera basi, mwavala jekete, kudzandifunsa ngati mng'ono wanga ankasowa m'bale."

Kunja munthu anagogoda pawindo, kufunsa ngati zipi yake yatha. Telala anamuuza mawa, osacheuka.

"Lembani mbale, alamu. Mbale zimasowa m'nyumba iliyonse. Zanga zinatha ndi ana a eni. Lembani mbale, tonse tigone."

A Tanthauzo anabwerera kunyumba atapepukidwa pang'ono, zimene sakanavomera pagulu. Ngati anali m'bale, mwini wake wapezeka. Ngati inali mbale, palibe wolakwa. Koma mphunzitsi wabwino amayesa yankho lake, choncho Lachisanu masana, ataphika mpunga umene unapserera pansi n'kukhala wosapsa pamwamba, anaganiza zochita zimene nyimboyo ikunena. Ndayala patebulo, aliyense pamalo pake.

Anatulutsa mbale m'kabati. Yawo anaidziwa, ya mkombero wabuluu, n'kuiika kumutu kwa tebulo. Ya namwino ali mwana anaidziwanso, yobenthuka pang'ono, n'kuiika kumbali ya windo. Mpando wachitatu unali wa alendo, anzawo a ku wayilesi amene ankabwera kudzatsutsana nawo mpaka chakudya chitha. Anaikapo ya alendo. Kenaka anaima ndi mbale yachinayi m'manja, akuyang'ana mpando wachinayi. Pampandopo panali makaseti awo ndi nyuzipepala zakale, mulu wofika pachifuwa. Muluwo sunali wa chaka chino. Unali wakale kuposa matenda, wakale kuposa ukwati wa namwino.

Anayesa kukumbukira malemu atakhala patebulopo. Chimene chinabwera ndi mkono wokha, wodutsa paphewa lawo kudzaika mchere. Mkono wodzathira madzi m'tambula. Ndi mawu aja ochokera kukhitchini, tsiku lililonse, omwewomwewo: "Yambani, ndikubwera." Iwo ankayamba. Ankadya akufotokoza, chifukwa nthawi zonse panali chofotokoza. Akamaimirira kukasamba m'manja, ndiye kuti nkhani yatha. Kubwera kuja sanakukumbukire. Sanathe n'kunena kuti malemu ankadyera mbale iti.

Ndiye kuti ngakhale itakhala mbale, anaona tsopano, nyimboyo sikuseka.

Anakhala pansi, mpunga uli patsogolo. M'nyumba munali kuwala kwa masana, koyera, kopanda pobisala. Kukhitchini china chake chinati ngwe, pang'ono chabe, ngati sipuni yakhudza poto. Mumsewu simunadutse lole. A Tanthauzo sanayambe kudya. Anaika manja pamaondo n'kudikira, monga amachitira mlendo wamakhalidwe, mpaka mpungawo unazizira ndipo ntchentche inauyesa n'kuusiya.

Situdiyo imene anapitako Loweruka inali garaja yakale, yomatidwa makapeti mpaka kudenga. Mwini wake, bambo wonenepa wovala chipewa m'nyumba, anali ndi kompyuta ziwiri ndi mpando umodzi wabwino, umene anaupereka kwa a Tanthauzo atamva kuti ndi a pa wayilesi aja. Kuseri kwa galasi kunaima mtsikana wa kwaya, mahedifoni akulu kuposa mutu wake. Namwino anatsamira khoma, chikwama chili pamimba.

Mtsikanayo anawerenga pepala, milomo ikuyenda. Kenaka analiyang'ana kumbuyo kwake.

"Pepani bambo, apa pomaliza mwangolemba kuti ndikusowa. Ndikusowa chiyani?"

A Tanthauzo anakonza jekete. "Funso labwino, mwana wanga. Pamenepa tili ndi mawu a nkhope ziwiri. Tikaona mbali ya kalembedwe, pali mbale, chiwiya, komanso pali m'bale, yemwe..."

"Ababa," anatero namwino. "Zing'onozing'ono zija n'zimenezi?"

"Si zazing'ono."

"Sabata yonse? Bwanji osandifunsa?"

"Iwe ndiwe namwino."

"Ndinakulira pasinki imeneyo ine." Anasiya khoma, n'kuika chikwama pansi. Sanakwiye. Anayankhula ngati akuuza wodwala nthawi yomwera mankhwala. "Ankaimba zonse ziwiri. Mukakhala m'nyumba ankati mbale, kuti mukamva muziti akudandaula za ziwiya. Mukachoka ankaimba inayo. Ine ndili mwana ndinkadziwira pomwepo ngati mwapita kapena ayi, osadzuka pabedi."

"Koma ine sindinaimvepo."

"Ndikudziwa. Iwonso ankadziwa. Koma ankasinthabe."

Mwini situdiyo anayang'anitsitsa kompyuta yake ngati mwatulukira zachilendo. Mtsikana wa kwaya anachotsa hedifoni imodzi, kenaka n'kuibwezera.

"Nanga tsiku limeneli?" anafunsa a Tanthauzo. Mawu awo a pa wayilesi anali atawathawa. "Ndinali kuti?"

"Sindikumbuka, ababa. Ine ndinkayang'ana mwana."

Mwini situdiyo anakanda pansi pa chipewa. "Akuluakulu, ndisalowerere za m'banja, koma dzulo ndinayesa kuchotsa mpopi uja kuti mtsikanayu amve bwino kayendedwe ka nyimboyo. Madzi atachoka mwatsala timaphokoso tina. Ndimati ndifunse ngati nditichotsenso." Anatambasula mahedifoni ena. "Valani, bambo. Tikumveka chapansipansi."

A Tanthauzo anavala. Dziko lonse linatsekeka, n'kutsala khitchini.

Popanda mpopi, malemu anali pafupi, kumbuyo kwa khutu lamanzere, pamene ankaima akamaika mchere. Ankamveka mpweya wawo pakati pa mizere. Fumbi labwerera. Chivundikiro cha poto chinagwa, kamwana n'kuseka. Mitambo yaseka. Kenaka kutali, mbali ya pabalaza, kunamveka makiyi akutoledwa patebulo. Kutsokomola kawiri, kwa munthu wokonza mmero asanakayankhule ndi anthu ambiri. Nsapato zachikopa zikuyenda mosafulumira. Aliyense pamalo pake. Chogwirira cha chitseko chinalira.

Koma ine ndikusowa, anaimba malemu, n'kutseka milomo.

Sikunali kukoka kwa woimba. Mawuwo anangoima pamenepo, mmm, osakwera, osatsika, ngati munthu waima pakhonde ndi beseni lodzaza, akudikira kuti wina adutse. Nsapato zija zinazengereza pakhomo. Mwina mwini wake ankafufuza m'thumba. Mwina ankaganizira mawu oyambira pulogalamu. Malemu anagwirabe, mpweya ukuchepa.

Chitseko chinatsekeka.

Bale, anamaliza malemu, momasuka, ndi pakamwa ponse.

Mwini situdiyo anaimitsa. Namwino anali atatembenukira ku kapeti ya pakhoma, akuitsina ndi zala.

"Ndiye chitsekocho," anatero mwini situdiyo mosamala, "ndi makiyiwo. Ndikhoza kuzipukuta, sizivuta."

A Tanthauzo sanachotse mahedifoni. Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri.

"Bwezerani kumbuyo."

"Poyambira?"

"Ayi. Pang'ono chabe. Pamene ndinali ndisanatuluke."

Mwini situdiyo anabwezera. Makiyi analira. Munthu uja anatsokomola, n'kuyamba kuyenda.

"Bwezeraninso," anatero a Tanthauzo.